Sakhwi ndi Atelala a mu Bowa

Padangokhala, padangotero. Koma musanavomere n'komwe kuti tili tonse, ndikuuzirenitu mapeto, chifukwa akundiyabwa pakamwa: bowa uja sanawole, amake Sakhwi sanawoloke mtsinje, ndipo a Nduna Njiri mpaka lero akamva wina akutchula mchere amayang'ana kumbali. Basi. Tsopano khalani pansi mumve mmene zinayendera.

Kunali Mfumukazi Nungu, amene ankalamulira nyama zonse zogona m'mauna ndi m'mapanga. Mano awo anali atatha, kunangotsala limodzi lakutsogolo, nalonso logwedera. Chinangwa chinawakanika, chimanga chinawakanika, ndiye chakudya chawo chinali bowa basi. Dzinja likafika ankanenepa mpaka minga kuwala. Chilimwe chikafika ankaonda, minga n'kumathothoka yokha ngati udzu wa denga lakale.

Chaka china Mfumukazi anaitanitsa msungi wa chakudya cha kubwalo, amene anali amake Sakhwi.

"Amake Sakhwi, bowa amamera wambiri m'dzinja. Nanga m'chilimwe amapita kuti?"

"Amawola, Mayi."

"Amawolera m'manja mwa yani?"

Apo a Nduna Njiri, amene ankasunga mchere wa kubwalo, anakhosomola. Iwowa anali ndi mkazi amene udindo wa usungi ankaulakalaka kuyambira kalekale.

"Ine sindinena zambiri, Mayi," anatero a Njiri. "Kungoti alipo anthu ena obadwa ndi dzanja lowoletsa. Akagwira dzungu lero, mawa lafewa. Si kulakwa kwawo ayi. Koma munthu wotere sasungitsidwa chakudya."

Mfumukazi anagamula pomwepo. Dzinja limenelo kubwera madengu anayi a bowa, limodzi limodzi. Chilimwe chikafika n'kupezeka bowa wodyeka, ngakhale wodzaza chikho chimodzi, amake Sakhwi akhala pa udindo wawo. Akapanda kupezeka, atenge mphasa ndi mwana wawo, awoloke mtsinje, asadzabwererenso. Ndipo a Ntchentche, mthenga wa kubwalo, azikayendera tsiku lililonse n'kumadzanena zimene aona.

Mwanayo ndiye Sakhwi, mtsikana wochepa thupi, wa mphuno yaitali ngati chala, wa makutu omva ngakhale chiswe chikamatafuna nsichi ya nyumba ya eni. Amake ankati vuto la mwanayu ndi limodzi: ukamuyankha funso, amatulutsa ena atatu.

Dengu loyamba linafika.

"Chowoletsa zinthu ndi kutentha," anatero amake. "Timuike pozizira."

Analowa nalo kuphanga, n'kuliika pafupi ndi mtsuko wa madzi, pamalo poti ngakhale chule amapempha chofunda. Tsiku loyamba bowa anali bwinobwino. Lachiwiri chimodzimodzi. A Ntchentche ankabwera, kutera pa bowa, kutikita manja, n'kumapita. Tsiku lachitatu Sakhwi anasendeza khutu pa dengu, ndiye anamva kanyimbo.

Kanali kanyimbo kakang'ono, ka mawu ochepa. Mmodzi ankatsogolera, kufunsa kuti akuodira pakhomoyo ndani, ndiye khamu lonse linkavomera kuti mlendoyo adikire kaye, singano ili kale m'manja. Akafika pa singanopo ankakweza mawu onse pamodzi, kenako n'kuyambiranso.

"Amayi, mu bowamu muli anthu."

"Iwe, chotsa khutu pa chakudya cha Mfumukazi."

"Akuimba."

"Ndiye uvine."

Tsiku lachisanu bowa anayamba kuterera ngati therere, fungo n'kutuluka m'phanga muja kukalonjera anthu kunjira. Anakamutaya kudzala, ndipo a Ntchentche anakanena kubwalo.

Dengu lachiwiri linafika.

"Kuzizira kwakanika. Tiyese mchere," anatero amake. "Thamanga kwa a Nduna."

Sakhwi anathamanga. "Odi, a Nduna. Amayi akuti muwagawireko mchere."

"Wochuluka bwanji?"

"Wodzaza chikho."

"Chikho," anatero a Njiri, akuyang'ana kumwamba. "Mwana iwe, umadziwa kumene mchere umachokera?"

"Kuthumba lanulo, a Nduna."

A Njiri anapisa nsonga ya chiboda m'thumba, n'kukunthira zimene zinamatirira pa katsamba. "Uwu ndi wa lero. Mawa ubwerenso. Mchere wa kubwalo umatuluka pang'onopang'ono, ndiwo mwambo wake."

Amake anawaza kamchereko pa bowa. Sanasambe m'manja n'komwe, nyimbo ija inayamba. Sakhwi anadikira amake atuluke, n'kugwada pa dengu.

"Odi m'katimo."

Nyimbo inaduka. "Ndani?" Kanali kamawu kakang'ono ngati ka udzudzu wachimfine.

"Ndine Sakhwi, mwana wa asungi. Ndamva nyimbo zambiri kubwalo, koma oimba ngati inu sindinawamvepo. Ndinu yani?"

Kamawu kaja kanakonza pakhosi. "Ndine Kasingano, telala wamkulu wa Avunditsa. Usavutike kutong'ola maso, sungatione. Pansonga ya ndevu yako imodzi tikhoza kumangapo mudzi, ndi manda omwe."

Avunditsawa ndi tizilombo tija kusukulu timati mabakiteriya, tija timawoletsa ndiwo zikagonera.

"Nanga mukusoka chiyani, a Kasingano?"

"Majekete a mchere. Mlungu watha tinasoka mabulangete, poti amako anatiika pozizira. Lero tamva kamchere, ndiye tadziwa kuti mawa kubwera wina."

"Mlungu watha bwanji? Dengu lija tinakataya kudzala."

"A Ntchentche ali ndi miyendo isanu ndi umodzi, mwanawe, ndipo sasamba. Timakwera kudzala, timatsika kuno."

"Ndiye ndiwatsekera pakhomo."

"Mthenga wa Mfumukazi? Tseka tione. Ndipo ukatseka usaiwale kuti enafe tinabwera ndi bowa yemweyu kuchokera kutchire. Ena tili m'manja mwa amako, ena m'ziboda za a Nduna, ena pa minga ya Mfumukazi. Ena tili pamphuno pakopo."

Sakhwi anapukuta mphuno.

"Wangotisamutsira kudzanja," anatero Kasingano, nyimbo n'kuyambiranso.

Tsiku lililonse Sakhwi ankakatenga kamchere, tsiku lililonse amake ankawaza, ndipo tsiku lililonse majekete ankawonjezeka kukhuthala. Pofika tsiku lachinayi Avunditsa anali akunyambita mcherewo ngati ndiwo. Dengu lachiwiri nalo linapita kudzala.

Dengu lachitatu linafika mvula ikugwa, itagwa kale masiku anayi osalekeza.

"Tsopano ndi moto basi," anatero amake. "Palibe choyenda chimene sichiopa moto."

Koma nkhuni zonse zinali zonyowa. Anaika bowa mumphika, kuthiramo madzi a mumtsuko, kutereka, n'kuyamba kuuzira. Motowo unali utsi wokhawokha. Amake anauzira mpaka misozi, madzi n'kumangofunda pang'onopang'ono ngati osambitsira khanda. Atatopa anatuluka kukafuna zouma kwa anansi, ndipo Sakhwi anayandikira mphika. Nyimbo inali m'kati, wotsogolera akufunsa za mlendo, khamu likuyankha za singano.

"A Kasingano, simukupsa?"

"Tikuotha. Ndipo ukawathokoze a Nduna chifukwa cha mchere uja. Jekete la mchere limathandizako ndi pamoto pomwe. Tangowonjezera kolala."

"Koma inu ndi amisiri," anatero Sakhwi. "Atelala a kubwalo amatha mwezi pa malaya amodzi. Ndingofunsako, ulusi wonsewu mumautenga kuti? Mabulangete, majekete, makolala. Muyenera kuti muli ndi nkhokwe ya ulusi."

"Nkhokwe ya chiyani. Ulusi wathu ndi umodzi womwewo. Chilichonse chimene tili nacho n'choluka: timipeni tochekera bowa, tizipande todyera, mabulangete, majekete. Kukavuta timamasula zipande n'kuluka majekete. Kukakhala mtendere timamasula majekete n'kuluka zipande."

Zolukazi ndi zija m'buku la sayansi amati mapuloteni, koma Sakhwi analibe buku, anali ndi makutu.

"Ndiye mukavala mumadya ndi chiyani?"

"Ndi chipande chimodzi, nyumba yonse, molandizana. N'chifukwa chake kuphanga kuja tinatha masiku asanu. Dengu lotere, tili omasuka, ndi la masiku awiri."

"Bwanji osangokhala ovala masiku onse, kuti musamavutike ndi kumasula?"

"Unayamba wadyapo utafunda mabulangete atatu? Ndiponso wovala sabereka msanga. Ife timakonda ana."

"Nanga tsoka litakupezani musanavale?"

Kasingano anaseka, khamu lonse n'kuseka naye, mphika kumveka ngati muli nyerere zoledzera.

"Tsoka la anthu akuluakulu limaodira, mwanawe. Inu ndinu aulemu kwambiri. Mchere pang'ono lero, pang'ono mawa. Moto pang'ono, utsi pang'ono. Pamene mukuti tsopano tilowe, ife tamaliza kale ndi mabatani omwe."

Sakhwi sanafunsenso funso lina. Amake akadakhalapo akadadziwa kuti pali kanthu.

Madzi aja sanawire, ndipo patapita masiku atatu dengu lachitatu linanunkha kuposa anzake awiri aja. Tsiku lomwelo akazi awo a Njiri anabwera kudzacheza, n'kumayeza nkhokwe ndi mapazi, uku akuti akungowongola miyendo.

Mvula inayamba kukata. Otola bowa anati dengu lomaliza lifika pakatha masiku khumi, ndipo likatha limenelo bowa sameranso mpaka chaka chamawa.

Sakhwi anayamba ntchito ziwiri. Yoyamba, anatola nkhuni n'kuzisanja pansanja, pamwamba pa moto, kuti ziume ndi utsi. Yachiwiri, m'mawa uliwonse ankapezeka pakhomo pa a Njiri ndi katsamba kake.

"Odi, a Nduna. Mchere wa lero."

"Wothira pa chiyani? Dengu lija fungo lake ndalimva ndili konkuno."

"Amayi akuti tizithirabe, mwina litsitsimuka."

A Njiri anaseka mpaka minyanga kugunda pansi. "Thirani, thirani. Pa tsiku la mlandu pasadzapezeke wonena kuti ine ndinakumanani."

Sakhwi ankalandira ndi manja awiri, kuthokoza, n'kukakhuthulira m'chigoba cha nkhono chimene anabisa kudenga. Masiku khumi atatha chigoba chinadzaza, nkhuni zinauma gwa, ndipo dengu lachinayi linafika.

Amake analiyang'ana nthawi yaitali. "Ine nzeru zandithera, mwananga."

"Ndipatseni ine, amayi. Inu muyambe kumanga katundu. Mumangire panja, poti aliyense aone."

"Wayamba kundithamangitsa wekha a Njiri asanatero?"

"Mumange mwaphokoso. Mukalirako zikhala bwino kwambiri."

"Kulira ndiye sindichita kupemphedwa," anatero amake, n'kutulutsa mphasa.

Sakhwi anatenga dengu lija n'kuliika pakona yofunda ya nyumba. Anawaza timadzi pamwamba, n'kuphimba ndi masamba a nthochi. Kenako anazungulira kuseri, kumene anakoleza nkhuni zouma zija, kutereka mphika waukulu wa madzi, kukhuthuliramo mchere wonse wa m'chigoba, n'kuvundikira. Pobwerera anapeza a Ntchentche atatera kale pa bowa, akutikita manja, Avunditsa a kudzala akutsika m'miyendo mwawo atavala bulangete, jekete ndi kolala.

"Mwanawe, ukuchita chiyani?" anafunsa a Ntchentche. "Uku ndi kuvundika nthochi, si kusunga bowa."

"Tagonja, a Ntchentche. Amayi ndi awo akumanga katundu. Bola Avunditsa adye akhute, asatitsatire kutsidyako."

A Ntchentche sanadikire mawu ena. Nkhani yotere siigonera m'kamwa mwawo, ndiye anauluka kulunjika kubwalo.

Sakhwi anagona chafufumimba pambali pa dengu, khutu pa nsungwi. Poyamba munali zii. Kenako kunayamba kung'ung'udza. Ana ankadandaula kuti akutuluka thukuta, achinyamata ankati chipande chimodzi chikuchedwa kuzungulira.

"Dikirani," anatero Kasingano. Kenako anakweza mawu. "Sakhwi, uli pomwepo?"

"Ndilipo, a Kasingano."

"Lero kuli chiyani? Mchere sindikuumva, kuzizira sindikukumva."

"Kulibe kanthu. Mwapambana. Idyani."

"Nanga moto ukuthethekawo?"

"Ndi madzi osamba a amayi. Sangapite kwa eni ali ndi litsiro."

"Osakasamba kumtsinje konko, poti akuwoloka?"

"Ali ndi nyamakazi."

Kasingano anauza anthu ake kuti wina asamasule ngakhale batani limodzi mpaka mawa. Koma mnyumbamo munali mofunda, bowa anali wonyowa bwino, ndipo fungo lake linali lokoma. Wina wa kumapeto kwa dengu anamasula mkono umodzi wa jekete n'kuluka chipande. Anadya, anadya, n'kugawika pawiri, chifukwa kubereka kwa Avunditsa ndi kumeneko. Awiriwo anamasula mkono winawo, anadya, anakhala anayi. Oyandikana nawo anaona kuti anzawo akuchuluka iwo akadali pamzere wa chipande chimodzi. Ndiye kunali kumasula. Makolala anapita, majekete anapita, mabulangete anapita.

Nyimbo inabwerera, maimbidwe omwe aja koma mawu ena. Wotsogolera ankafunsabe kuti akuodira ndani, koma khamu linkavomera kuti pakhomo palibe munthu, ndipo pamene kale ankakweza mawu pa singano tsopano ankakweza pa chipande.

Amake analowa kudzatenga mtondo, n'kuima. Ananunkhiza.

"Sakhwi, bowa wayamba kufewa pansipa."

"Ndikudziwa, amayi."

"Ili ndi dengu lomaliza."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ukudikira chiyani? Kuseriku madzi akuwira, ndawaona."

"Alipo ena akadali ndi mabatani."

Amake anatambasula dzanja kuti anyamule dengu. Sakhwi anawagwira pamkono, chinthu chimene chibadwire anali asanachitepo.

"Mukaligwedeza, mwaodira," ananong'ona. "Adzavalanso tisanafike pakhomo."

Amake anamuyang'ana, anayang'ana dengu, n'kukhala pansi. Anadikira. Chithunzithunzi cha chitseko chinasuntha ngati kutalika kwa dzanja. Fungo linawonjezeka pang'ono, ndipo amake anayamba kuluma chala. Sakhwi sanasunthe khutu. Ankamvetsera kaphokoso ka ulusi ukamamasulidwa, kakuchepa, kakuchepa, mpaka kanatheratu, kunangotsala kutafuna ndi kuimba.

Apo anagwedezera amake mutu. Awiriwo ananyamula dengu pang'onopang'ono ngati mwana wogona, kutuluka nalo pakhomo, kuzungulira nalo kuseri, osapunthwa, osakhosomola. Sakhwi anavundukula mphika ndi phazi. Madzi anali akubwata, amchere kuti ng'aa. Anakhuthuliramo bowa yense kamodzi.

Wotsogolera nyimbo anayambitsa msangamsanga ija ya singano. Anafika pa funso. Wovomera panalibe.

Sanamusiye nthawi yaitali mumphikamo. Anamuvuula ndi lichero, madzi n'kukha. Wa pansi pa dengu, amene anali atafewa podikira paja, anamupatula n'kumutaya, ndipo anali wambiri ndithu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Wotsalayo anakamuyanika pathanthwe lotentha, mmodzimmodzi, wina osakhudza mnzake. Dzuwa linamumenya masiku atatu, Sakhwi akutembenuza, mpaka anauma kuti ukamuthyola amalira. Kenako anamukulunga m'masamba a msuku n'kumanga ndi luzi, kukhala mipira itatu ija timati zikwatu, n'kuipachika pamwamba pa moto. Eni nthanoyi amati kufutsa kunayambira pamenepo.

A Ntchentche atabwera anazungulira zikwatu zija kasanu, osapeza ponyowa poti n'kutera. Anakanena kubwalo kuti bowa wa Mfumukazi wasanduka makungwa. Akazi awo a Njiri anayamba kutsuka miphika yawo.

Koma chigamulo chinali cha m'chilimwe, ndiye anadikira. Katundu uja anakhala womangamanga pakhomo miyezi yonseyo. Sakhwi akati amayi timasule, amake ankati womasula ndi amene anagamula.

Chilimwe chinafika, minga ya Mfumukazi inayamba kuthothoka, ndipo lipenga linalira. Nyama zonse zinasonkhana kubwalo. Amake Sakhwi anagwada, kumasula chikwatu chimodzi, n'kuchipereka.

A Njiri anatola kachidutswa n'kukagogoda pa mnyanga. Kanalira kuti go.

"Mayi, awa ndi makungwa. Dzino lanu limodzi lija mukufuna lithere pamenepa?"

Mfumukazi ananunkhiza. "Amake Sakhwi, ine ndinati bowa wodyeka."

"Mutipatse kanthawi kophika, Mayi."

"Kanthawi akhala akupatsidwa kuyambira dzinja," anatero a Njiri.

"A Nduna, njala ndi yanga," anatero Mfumukazi. "Phikani."

Anakoleza moto pabwalo pomwepo. Amake anaviika bowa uja m'madzi, ndipo anthu akuona makungwa aja anayamba kufufuma, kutambasuka, kubwerera mwakale. Anamuphika, anamutendera ndi nsinjiro, fungo n'kudzaza bwalo lonse mpaka a Fisi, amene anali mlonda wa pachipata, anasiya chipata chotsegula n'kubwera kudzaima pafupi.

Mfumukazi analandira chikho. Anadya kachidutswa koyamba. Anatola kachiwiri. Anadya mpaka chikho kuyera, n'kupititsa chala m'mbali mwake.

"Alipo wina?"

"Zikwatu ziwiri ndi theka, Mayi."

"Kamasuleni katundu wanu."

Amake Sakhwi anaomba m'manja mwaulemu, koma a Njiri anali ataimirira kale.

"Ndifunseko, Mayi. Bowa ameneyu akumveka mchere ndili pano. Mchere wochuluka chonchi anautenga kuti? Ine chikho sindinapereke. Pamenepa pali kuba."

Sakhwi anagwada pambali pa amake. "Ndi wanu womwe uja, a Nduna, wa tsiku ndi tsiku, uja munkati tizithira. Tinathiradi. Kungoti pa dengu lachiwiri unkalowa wokhawokha n'kumagonja. Apa unadikirana pakhomo, n'kulowa onse pamodzi."

"Ndiye kuti dengu lachiwiri likadapatsidwa chikho chake tsiku loyamba," anatero Mfumukazi, "mwina ndikadadya madengu awiri?"

Mfumukazi analoza thumba la mchere limene a Njiri ananyamula.

"Kuyambira lero thumba la mchere lizikhala kwa asungi. A Nduna, lisiyeni pomwepo."

A Njiri analitula, n'kubwerera kwawo ziboda zili lendelende. Kumeneko anapeza miphika yotsukatsuka ndi akazi awo akudikira pakhomo, ndipo zimene zinakambidwa m'nyumba imeneyo si za ana.

Atafika kwawo, Sakhwi anayamba kumanganso chikwatu chotsegulidwa chija. Ali m'kati momanga anamva kamkonono, kakang'ono kwambiri, kochokera m'kati mwa bowa wouma.

"A Kasingano?"

Mkonono unaduka. "Ndani akundidzutsa?"

"Ndine Sakhwi. Ndimayesa munapita ndi anzanu."

"Ine sindinavule, mwanawe. Nditamva za nyamakazi zija ndinamasula zipande zanga zonse, mipeni yonse, n'kuluka chikopa cholimba, ndinadzitsekeramo. Muno sindidya, sindibereka, ndimangogona."

"Mwatsala angati?"

"Ochepa. Koma ife kuchuluka sitichedwa." Anakhosomola. "Kukhosi kwauma. Tangodonthetsa kadontho kamodzi ka madzi, ndikuuze nkhani ina yokoma kuposa zija."

"Zija zandikwana, a Kasingano. Gonani."

Anamanga chikwatu ndi maluzi awiri m'malo mwa limodzi, n'kuchipachika pamwamba kuposa pakale, pamene denga silidontha.

Mwini nthano akadatha kutseka pakamwa pomwepa, koma Sakhwi anali atatuluka kale, akuthamanga kulowera kuchitsime kumene anzake, Mbewa ndi Gologolo, ankatunga madzi. Anafika mphuno ikunjenjemera, mawu akupondana.

"Mfumukazi adya, amaliza chikho chonse, afunsa wina, amayi amasula mphasa, mtondo abwezera pamalo pake, thumba la mchere lili kwathu."

"Puma kaye," anatero Gologolo. "Adya chiyani?"

"Bowa."

"Bowa m'chilimwe chino? Iwe Sakhwi, bodza lina uzilisiyako kunyumba."

"Ife tinamva kuti mukuwoloka," anatero Mbewa. "Amayi anga anakonza kale kamba wa paulendo."

"Akadye okha. Mawa m'mawa tikuphika wina, ndipo Mfumukazi ati ana tilaweko. Mubwere mudzaone nokha mawa. Mutipeza, sitikupita kulikonse."